Chipewa cha Nsomba Pakati pa Tiyi

Bambo analibe chithunzi. Chimene anali nacho ndi chipewa cha kapusi chimene anagula pa kaunjika ku Goliati, chabuluu wosuluka, kutsogolo kwake atasokerapo nsomba yonyamula chibonga. Anzawo pa sikelo ya tiyi ku esiteti ankawaseka: "Achimwene, nsomba yanuyi ikukasinja chimanga cha ndani?" Iwo ankangogwira mlomo wa chipewacho n'kuutsitsa pang'ono.

Mayi anali atatsogola kale. Bambo atamwalira ndili Sitandade 3, abale awo anabwera kudzagawana zovala, pakuti bambowo anali mkamwini pamudzi pathu. Anaziyala pamphasa: mathalauza awiri, jombo, jekete. Ine ndinakhala pambali pa anganga, mayi wa mayi anga, maso ali pa chipewa. Azakhali anaona.

"Mwana wamkazi achita nacho chiyani? Avala kutchalitchi?"

Anthu anaseka. Chinapita kwa bambo aang'ono, amene nawonso ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo.

Njira ya kusukulu inkadutsa m'mphepete mwa munda umene gulu lawo linkagwira. Munthu akalowa m'tiyi amaoneka kuyambira m'chiuno, ndipo akakhala patali umangoona dengu kumsana ndi chimene chili kumutu. Choncho m'mawa uliwonse ndinkaima pansi pa mtengo wa bulugamu n'kufunafuna kabuluu kaja. Ndikakapeza, nkhope ya bambo inkabwera yokha pansi pake, ndi kachipsera ka pachibwano komwe. Malo ena onse nkhopeyo inkandithawa. Ndinkachedwa kusukulu, ndinkakwapulidwa, sindinkanena chifukwa. Anganga ankadziwa. Ankangondidzutsa msanga.

Ndili Fomu 2, mphunzitsi wina anandithandiza kufufuza pa foni yake mawu amene anali kumbuyo kwa chipewacho, omwe ndinali nditawaloweza. Inali timu ya besibolo ya m'katauni kena ku Amereka. Chibonga chija n'chomenyera mpira. Sinali timu yotchuka ayi, inali ya ligi yapansi, kumene anyamata amasewera akudikira kuti tsiku lina aitanidwe ku matimu akuluakulu, ndipo ambiri amakalamba osaitanidwa. Timuyo inali itatha kalekale. Ndinafunsa ngati alipo amene amaikumbukira. Aphunzitsi anati foni yatha moto.

Chaka chomwecho mvula itasiya, masamba atachepa, aganyu anaimitsidwa ntchito monga mwa nthawi zonse. Ndinamva kuti bambo aang'ono akupita ku Milanje, ku Mozambique, kukalima, ndipo sabweranso. Ndinawadikira panjira Lachisanu akuweruka.

"Bambo, mwaswera bwanji?"

"Iii, kodi umayankhula? Ine ndimayesa ndiwe chitsa cha bulugamu uja."

Anali akundiona zaka zonsezo.

"Ndimapempha chipewacho."

Anachivula, n'kuchitembenuza. Mutu wawo unali ndi dazi, chinthu chimene sindinkachidziwa. Bambo analibe dazi.

"Chansanza chimenechi? Dzuwa la ku Milanje lindiwotcha iwe uli phee." Anaseka, koma anachikutumula pabondo kawiri n'kundipatsa. "Akulu anga ankachikonda. Usachichape ndi sopo wa ufa."

Kunyumba ndinachinunkhiza. Chinkanunkha fodya wa bambo aang'ono. M'kati munali mzere wakuda wa thukuta, la iwo, la bambo, mwinanso la munthu wa ku Amereka amene anakhala nacho padzuwa kuonerera anyamata aja. Ndinachikoleka pa msomali, ndinachiika pa mpando, ndinachiveka anganga amene anakhala duu osakana. Nkhope sinabwere.

Lolemba ndinaimanso pa bulugamu paja. M'munda munali madengu ochepa, mipango ya amayi, chipewa chimodzi chamlaza. Ndinayang'ana mpaka belu la kusukulu linalira, chipewa chili m'chikwama changa pakati pa makope.

Ndikadali nacho. Nsomba ija yatsala diso ndi theka la chibonga.