Matambula anga, bambo a Tadala

Bambo a Tadala, chaka chatha chitisiyireni, koma lero mwandipsetsanso mtima. Pochokera ku ntchito ndadutsa pashopu ya anthu a ku Cyprus pa Edmonton, ndipo mkatimo mumalira vayolini, nyimbo yomwe ija ya pa ukwati wa mwana wa aneba athu a ku Cyprus aja. Paja madoda akwawoko ankavina atasanjikiza matambula pamutu, osagwetsa ngakhale imodzi. Ine ndinakukokani jekete, ndikuti, "Khalani pansi, guleyu ngwa eni ake." Inu amvekere, "Mayi, munthu wovina beni sangalephere zimenezi." Tambula yoyamba yomweyo inakaswekera pamapazi a mkwatibwi. Ine manyazi kufuna kulowa pansi, eni ukwati ali m'manja phuphuphu, kukuchemererani!

Kuyambira pamenepo munandithera matambula m'nyumba, kuyeserera kukhitchini uku mukuimba nyimbo zawo za m'Chigiriki chimene simunkamva ngakhale liwu limodzi. Munalonjeza kuti pa ukwati wa Tadala mudzavina ndi atatu pamutu. Ukwatiwo ndi mwezi wamawa, bambo. Munandisiyira tambula imodzi yokha, yong'aluka, ndipo ikundikanika kuitaya. Ndiye mwati avine nayo ndani?