Galimoto Yopanda Denga Imene Ndinagulira Bambo

Amayi sananditume ku Joni kukasaka ndalama ngati anzanga. Anandituma kukatenga bambo. Bambo anayamba kupita kumigodi ali mnyamata, ndipo ulendo womaliza anachoka kwathu ku Ntcheu ine ndili m'mimba. Kumudzi ankangowatchula kuti mchona uja. Sukulu itandikanika, amayi anagulitsa mbuzi nandiuza kuti, "Pita ukawauze kuti nyumba yawo ikadalipo. Akalamba. Asakafere kwa eni."

Ndinawapeza ku Seraleng, kufupi ndi Rustenburg, m'kachipinda ka malata, akudya penshoni ya kumgodi. Anali munthu wamtali, wotsokomola pafupipafupi, wokonda nthabwala. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anati, "Makutu awa ndi anga. Lowa." Mawu amenewo ndinagona nawo masiku ambiri. Sipanatenge nthawi kuti ndidziwe zoti anali ndi mkazi wina wa Chitswana ku Mabeskraal, komwe ankapita Lachisanu lililonse, koma sindinafunse kanthu. Kwathu mwana safunsa komwe bambo ake agona.

Uthenga wa amayi ndinausunga miyezi ingapo, kuopa kuwakhumudwitsa. Tsiku lina akumwa tiyi ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko, ndipo ndinati, "Bambo, amayi akuti mubwere kumudzi."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Iwe, amalume ako ukuwadziwa bwino? Ine kuja ndine mkamwini. Ndikatsike basi ndi chikwama cha pulasitiki, alamu anga azikandifunsa kuti zaka zonsezi munkakumba chiyani? Ayi. M'mudzi muja ndidzalowa pa galimoto. Yopanda denga, kuti aliyense aone kuti ndine amene."

Anandiuza za bwana wina wa pamgodi kalelo, amene anali ndi galimoto yofiira ya denga lopinda. "Ife tikutuluka pansi, maso osaona ndi dzuwa, iye akudutsa mphepo ikumuseweretsa tsitsi. Moyo wanga wonse ndakhala mwala uli pamutu panga. Denga ndatopa nalo, mwana iwe."

Ine ndinaphunzira sukulu ya kumudzi, kumene aphunzitsi akapereka samu umangoichita. Ndinamva kuti chimene chikuwatsekereza bambo ndi galimoto, ndipo ndinati mumtima, ndiye ndiigula.

Ndinkatsuka magalimoto pafupi ndi renki ya matekisi, ndipo Loweruka ndinkatchetcha kapinga m'nyumba za ku Geelhoutpark. Mvula inagwa kawiri ine ndikukhalira buledi ndi tiyi. Nsapato zinang'ambika, ndinazisoka. Amayi ndinkawatumizira pang'ono kwambiri, ndipo akaimba foni ndinkangoti zikuyenda. Za galimoto sindinawauze. Ndinkafuna adzangomva hutala pabwalo.

Galimotoyo ndinaiona pa nyumba yoyandikana ndi ina imene ndinkatchetchako. Mwini wake anali mzungu wokalamba amene ankasamukira kwa mwana wake kunyanja. Inali yofiira, koma kufiira kwake kotuwa ngati chitenje chochapidwa kwambiri. Inali yaitali, ya mipando yachikopa yosweka, magetsi ozungulira, ndi denga la lona lopindira kumbuyo. Inali yakale kuposa ine, mwina yofanana zaka ndi imene bambo ankanena. Pagalasi panali pepala lakuti ikugulitsidwa. Ndinadutsa pageti lija Loweruka kangapo ndisanalimbe mtima kuliza belu.

Mnzanga wina wa ku Mulanje amene tinkatsuka naye magalimoto ataona chithunzi chake pafoni anagwira pamutu.

"Aise, wapenga? Agogo awa amamwa petulo ngati munthu wa ku shabini. Gula bakkie, kagalimoto kapikapu kaja, uzinyamula katundu wa anthu, uzidya."

"Si yanga," ndinatero. "Ndi ya bambo."

"Ndiye bambo akowo alibe penshoni?"

Ndinabweza foni m'thumba.

Tsiku logula, bambo anavala jekete ndi chipewa. Pamene ndinawauza koyamba kuti galimoto yapezeka ndipo ndalama ilipo, sanaseke, sanathokoze. Ine ndinayesa kuti ndi chimwemwe chawamanga pakamwa. Panjira ndinkaloweza zimene ndikanene kuti mtengo utsike. Ndinali nditaona kuti lona lang'ambika pakona, kunsi kwa chitseko kuli dzimbiri, ndipo pansi pa injini pamadontha oyilo. Kumsika kwathu ngakhale nkhuku timanenerera.

Koma mzungu uja atangotsegula galaja, bambo anavula chipewa. Munthu amene ku Seraleng ankalankhula anthu onse n'kukhala chete anasanduka kamnyamata. Anayamba kuizungulira galimoto akuisisita, akulankhula Chifanakalo cha kumgodi. "Mushle, baas! Mushle sterek!" Ankatanthauza kuti ndi yabwino kwambiri. Mzunguyo anasangalala, naliza injini. Inatsokomola kaye ngati bambo omwe, kenaka inabangula. Ndikanayamba bwanji kunyoza chinthu chimene bambo anga akuchitama pamaso pa mwini wake? Mawu onse amene ndinaloweza ndinawameza. Ndinapereka ndalama monga mmene anatchulira.

Masiku a pasipoti yanga anali atatha kalekale, pomwe bambo anali ndi chitupa cha dziko lino. Choncho galimoto inalembedwa m'dzina lawo. Mzungu uja anapereka makiyi kwa bambo, nawagwira chanza. Ine anangondiuza kuti ndiziitsuka ndi nsalu yofewa.

Ulendo wobwerera ku Seraleng sindidzauiwala, ngakhale ndimafuna nditauiwala. Bambo anapinda denga, nadutsa dala pakati pa tauni. Oyendetsa matekisi ankaliza mahutala, ana ankathamangira m'mbali mwa msewu. Fumbi la kumigodi linkatilowa m'maso koma sitinasamale. Bambo ankaimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza, ndipo pa maloboti ena anandimenya paphewa nati, "Waona, mwana wanga? Kumwamba konseku ndi kwathu." Aka kanali koyamba kunditchula choncho. Ine m'maso mwanga munali msewu wotsikira kumudzi kwathu, ndi amayi akutuluka m'nyumba akupukuta manja.

Ndinayamba kukonzekera ulendo. Ndinasoketsa lona, ndinagula matayala ena akale koma abwino. Amayi ndinawagulira bulangete lalikulu la maluwa obiriwira, lolemera, ndipo ndinaliika m'buti likadali m'pepala lake. Ndikafunsa tsiku lonyamuka, bambo ankati, "Dikira ukwati udutse." Mwana wawo wamkazi wa ku Mabeskraal ankakwatiwa.

M'mawa wa ukwati ndinaitsuka galimoto mpaka kufiira kuja kunabwerera pang'ono, ndipo ndinaimanga maliboni oyera. Malo anga munalibemo, ndiye ndinapita pa tekisi. Ndinaima kumbuyo kwa anthu, pafupi ndi mpanda. Galimoto inalowa m'mudzi muja pang'onopang'ono, denga litapindidwa, mkwatibwi atakhala pamwamba pa mpando wa kumbuyo, azimayi akuliza nthungululu ndi kusesa njira patsogolo pake. Bambo anali pa chiwongolero, akugwedeza chipewa. Zonse zinali monga ananenera: analowa m'mudzi pa galimoto yopanda denga, ndipo aliyense anaona kuti ndi iwo. Kungoti mudzi wake sunali wathu.

Anthu a kuno pa ukwati amafunditsana mabulangete ngati mphatso. Masana ndinaona mayi wina wachikulire wa kuchimuna akuvina, atafunda bulangete la maluwa obiriwira. Ndinapita kukatsegula buti. Munali mabotolo okhaokha.

Ndili chiimire pamenepo, bambo anabwera ndi azibambo ena kudzawaonetsa injini. Mmodzi anafunsa kuti ndine yani. Bambo anayankha m'Chitswana, poganiza kuti sindikumva, koma munthu wotsuka matekisi amaphunzira msanga. Anati, "Ndi mnyamata wa kwathu ku Malawi. Amandisamalira galimoto." Ndinawapatsa moni azibambo aja ndi manja awiri, monga anandiphunzitsira amayi.

Patapita masiku, ndinakhalanso pansi pafupi ndi chitseko chija.

"Bambo, ukwati wadutsa. Kumudzi tinyamuka liti?"

"Pa chiyani?"

"Pa galimoto."

"Iyi?" Anaseka. "Iwe, msewu wa ku Tete unauona bwino pobwera? Imeneyi ndi nkhalamba ngati ine, ingakafere pa Beitbridge pomwepa. Nanga mvula ikatipeza, lona lako losokalo? Kumudzi kumafuna bakkie, yoti n'kunyamula chimanga. Tikapeza bakkie, tinyamuka."

Ananena mosavutika, akupungula tiyi m'sosala. Za bulangete sindinafunse. Ndinati, "Chabwino, bambo," ndipo ndinatuluka.

Lamulungu lotsatira ndinaimbira amayi, ndipo ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa buledi ndi tiyi mpaka pa bakkie. Anamvetsera osandidula. Kumbuyo kwawo ndinkamva nkhuku ndi mwana wa mlongo wanga akulira.

"Bwanji sunandiuze poyamba pomwe?" anatero. "Uli m'mimba anati abwera akagula makina osokera. Ukuyamba kuyenda anati akagula malata. Bambo ako sanena kuti ayi, mwanawe. Amatchula chinthu chimene akuona kuti sichingapezeke."

"Nanga munanditumiranji, amayi?"



"Ndimati mwina akaona nkhope yako. Basi, asiye. Bwera iweyo."

Ndinawauza kuti ndibwera ndikapeza ya basi ndi kenakake konyamula m'manja, chifukwa sindingafike chimanjamanja patapita zaka zonsezi. Nditangomaliza kunena, ndinamva mmene mawuwo akumvekera, ndipo ndikudziwa kuti amayi nawonso anamva. Anangoti, "Chabwino."

Ndinasamuka m'kachipinda ka bambo, tsopano ndimagona kwa mnzanga wa ku Mulanje uja. Galimoto imakhala ku Mabeskraal, ndipo ndikumva kuti anthu amaibwereka pa maukwati. Nthawi zina Lachisanu bambo amabwera nayo pa renki, denga litapindidwa, nandiitana kuchokera patali kuti, "Mfana, tayipukute pang'ono!" Salipira. Mnzanga amalavula pansi n'kupita kukatsuka tekisi ina. Ine ndimatenga ndowa ndi nsalu yofewa. Dzimbiri lija la kunsi kwa chitseko lakula, chala chimalowa. Ndikafika pamenepo ndimapukuta pang'onopang'ono kuti lisabooke.