Kulawa nyemba pachipata cha ndende

Mlongo wanga wamng'ono atamangidwa, uthenga unatipeza kwathu kukomboni ya Chimwemwe kudzera mwa mnzake wa kuntchito. Mlongo wangayo ankanyamula katundu m'nyumba ina yosungiramo zinthu kumafakitale a ku Ndola, ndipo mawaya a kopa atasowa, apolisi anangokokolola onse amene anali pantchito tsikulo. Anamutsekera m'ndende kudikira mlandu. Pabanja pathu panalibe amene anapondako kundende, ndipo amayi ananeneratu kuti phazi lawo silidzafikako. Miyendo inali yotupa, inde, koma chenicheni chinali manyazi. Mayi woimba kwaya kutchalitchi akaime pamzere wa kundende, anthu akumuona? Ndiye mtolo unagwera ine mwana woyamba, monga imandigwera mitolo yonse ya pakhomo paja.

Ndinkaopa kwambiri. Ine ngakhale wapolisi wa pamsewu akaimitsa minibasi ya eni, mtima umandigunda ngati ndaba ndine. Ndinapita kukafunsa nzeru kwa mayi wina wa Chibemba wogulitsa makala kuseri kwa nyumba yathu, amene mwamuna wake ankalowa ndi kutuluka m'ndende ngati kumunda.

"Awe mayo, osavala orenji, bazakuyesa mkaidi bakukhomele pamodzi," anatero akuseka, ine osaseka. "Tenga reji yako, citupa ca boma cija. Supuni ya nsimbi iyayi, botolo iyayi. Elo vakudya vonse uzayamba kulawa iwe, pamenso pa ba woda."

Ndinafunsa chifukwa chake. Anati alipo anthu amene amabweretsera abale awo chiphe kuti asaulule anzawo kukhoti, ndiye wobweretsa chakudya amayamba wameza yekha, alonda akumuyang'ana pakhosi. Ndinaona kuti zimenezo n'zazing'ono. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali kusechedwa m'thupi ndi manja a munthu wosamudziwa.

Loweruka m'mawa ndinafika kwa amayi nditavala diresi labuluu, nditaliyang'ana kawiri kuti lilibe kaduwa kalikonse kofiirira. Iwo anali atalawirira kuphika mpunga ndi nyemba zothira mafuta ambiri, zimene mlongo wanga amazikonda. Ndikutsuka kontena yapulasitiki, ndinawaona akumasula mfundo pakona ya chitenje. Munali kapepala kopindapinda, ndipo m'kapepalamo munali ufa wotuwa ngati phulusa. Anauwaza m'nyemba muja n'kutakasa, korona ili lende m'khosi.

"Amai, n'chani ico?"

"Usakuwe, anthu angamve. Ni mankhwala a mlandu. Anipatsa amdala aja a kwathu ku Katete. Akadya mwana wanga, oweluza akamuona mtima uzazizila."

Ndinali ndi pathupi pa miyezi inayi, ndipo kupatula mwamuna wanga panalibe wina wodziwa. Kawiri konse m'mbuyomo ndinali nditathamangira kuuza amayi, iwo n'kuuza anzawo a kwaya, ndipo kawiri konse ndinapita padera. Akuluakulu anandidzudzula kuti mimba siilengezedwa, imaoneka yokha. Ulendo uno ndinatseka pakamwa zolimba. Anamwino kukiliniki anali atandiletsa ngakhale piritsi la mutu popanda kuwafunsa, ndiye lero ndikameze ufa wa mdala amene ngakhale dzina la mtengo wake sanena?

Ndinawauza amayi za lamulo lolawa lija, ndikuyembekeza kuti achita mantha n'kuphika zina.

"Nanga vuto ili pati? Ulawe. Supuni imodzi siipha munthu."

Ndinatuluka panja ngati ndikukataya madzi, n'kuima kuseri kwa bafa. Ndinaganiza zokataya nyembazo m'ngalande pasiteshoni n'kugula mabanzi, koma amayi akanadzamufunsa mwana wawo, ndipo mlandu ukanamuipira akanati ndamumangitsa ndine. Ndinaganiza zokakana kulawa pachipata, koma pamenepo ndiye alonda akanati ndabweretsa chiphe, n'kugona komweko ine ndi mimba yanga. Ndinakwiyira mlongo wanga, ndinakwiyira mdala wa ku Katete, ndinakwiyira ngakhale mwamuna wanga amene anali pansi pa mgodi nthawi imeneyo osadziwa kanthu. Njira inatsala imodzi yokha, yomwe ndinkaiopa kuposa zonse, chifukwa mumtima ndinkakhulupirira ndithu kuti ndikangotchula, mwanayo achoka ngati anzake aja.

Ndinabwerera m'khitchini. Amayi anali akumanga kontena m'kansalu.

"Amai, ine siningalawe. Sinili nekha."

Manja awo anaima pamfundo. Anandiyang'ana kumaso, kenako pamimba, kenako pakontena. Sanalulutire, sanafunse miyezi, ndipo ndinawathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo. Ndinkadikira kuti akhuthula nyembazo kwa agalu. Iwo anangomaliza kumanga mfundo ija, n'kulowa kuchipinda. Ndinamva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Anatuluka atavala nsapato zawo zansalu zimene anazidula kumbuyo chifukwa cha kutupa, duku lili pamutu, reji ili m'manja.

"Tiye. Nyamula, ine nigwile ndodo."

Tinakwera minibasi ya ku Ndola. Kondakitala atawaseka kuti agogo avalira ukwati wa ndani, sanamuyankhe, chonsecho amayi anga sasiya mwana wamwano osamukonza. Tinatsika, tinakwera ina, tinayenda kamtunda pang'onopang'ono mpaka tinaona khoma lalitali ndi waya pamwamba pake. Mzere unali wa azimayi okhaokha pafupifupi, aliyense ndi kontena yake m'kansalu. Wina anawazindikira amayi n'kuwapatsa moni wa kutchalitchi. Anayankha maso ali pansi.

Kutsogolo kunali tebulo, ndipo mlonda wamkazi ankavundukula chakudya chilichonse, kuchivundula ndi supuni yapulasitiki, n'kupatsa mwini wake. Ndinkaona anthu akutafuna, akumeza, ena akuuzidwa kuti atsegule pakamwa. Ndinawanong'oneza amayi.

"Koma muli chani m'mankhwala muja?"

"Sinidziwa, mwana wanga."

"Simunafunse?"

"Ukafunsa sasewenza."

Apo m'pamene ndinaona kuti ndodo yawo ikugogoda pansi yokha. Amayi amamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi m'mawa uliwonse, ndipo ngakhale tiyi wa pamaliro amayamba amununkhiza. Ndinati tibwerere, kapena tinene kuti nyemba zagwera mchenga, tilowetse mpunga wokha. Anapukusa mutu. Mzere unasuntha.

Mlonda uja anavundula nyemba zathu mpaka pansi, anatapa supuni yodzaza n'kulozetsa kwa ine, poti ndine ndinanyamula. Dzanja la amayi linadutsa paphewa panga n'kuilanda.

"Naphika ndine," anatero. "Onse awiri ni ana anga."

Mlondayo anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga kufuna wachiwiriyo, osadziwa kuti ali m'mimba mwanga. Amayi anachita chizindikiro cha mtanda, anatseka maso n'kumeza. Supuni ija inawagwa m'manja asanaibweze, ndipo ine ndinawerama kuitola ndikuwagwira chigongono, ndikumvetsera mpweya wawo.