Mtsuko Wotsala pa Ukwati wa Yunisi

Tisiyenji Nankhoma anali mayi wa m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru, wamtali, wosaseka chisawawa. Ankalima fodya ndi mtedza pamodzi ndi mwamuna wake, ndipo m'chilimwe ankasoka madiresi pa makina opukusa ndi dzanja. Kumpingo anali wa Chigwirizano cha amayi. Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu, nasiya khanda lachikazi. Khandalo, lomwe linadzabatizidwa kuti Yunisi, Tisiyenji analilera yekha, kulibereka kumunda ndi kudambo komwe.

Mu 1954 Gideon, mmisiri wa matabwa wa ku Kabudula, anafunsira Yunisi. Ankhoswe atamvana, Tisiyenji sanalole wina aliyense kumulamula pa zokonzekera. Anasankha Okutobala, anthu atamaliza za fodya, mvula isanagwe. Diresi anasoka yekha. Mowa anakana, nati alendo adzamwa thobwa basi. Msasa wa alendo anati umangidwe pabwinja pomwe kale panali nyumba ya malemu amayi awo, chifukwa malowo anali osalala ndipo panali mthunzi wa mkuyu.

Atsibweni awo, a Petro, sanakondwe nazo.

"Mphwanga, ukumanga msasa pakhomo pa munthu osamuuza?" anatero a Petro. "Tikasese kaye kumanda, tikawadziwitse amayi ako kuti mwana wawo akukwatiwa."

"Atsibweni, ife ndife Akhristu. Akufa sauzidwa za ukwati. Abusa akamva adzati chiyani?"

A Petro anangonyamula khasu lawo n'kumapita.

Loweruka la ukwati zonse zinayenda bwino. Atachoka kutchalitchi, akwati anafika pangolo, amayi akuimba nthungululu mpaka pamsasa. Pakati pa amayi otunga thobwa panali mayi wina wamfupi, atafunda nsalu yofwifwa mpaka kumutu. Anakhala patsinde pa mkuyu ndi mtsuko wake, akutungira aliyense wobwera ndi chikho. A kuchimuna ankayesa kuti ndi wa kuchikazi, a kuchikazi nawo ankayesa kuti wachokera ku Kabudula. Dzuwa linaswa mtengo tsiku limenelo, koma thobwa lake linali lozizira, ndipo anthu ankangobwerera komweko.

Lolemba m'mawa amayi a m'mudzi anabwera kudzatenga mphasa, mbale ndi mitsuko yomwe anabwereketsa. Aliyense atatenga zake, patsinde pa mkuyu panatsala mtsuko umodzi. Tisiyenji anathiramo madzi kuti autsuke, madziwo n'kutayikira pamapazi pake. Ataugadabuza anaona kuti kunsi kwake kunali kobooka, ndipo bowolo linali lakale, m'mphepete mwake mutamera ndere. Pakhosi pa mtsukowo panali mizere itatu ndi kadontho, chizindikiro chomwe amayi ake ankalemba pa mbiya zonse zimene ankaumba.

Agnes, mayi woyandikana naye nyumba, anasuzumira.

"Komatu ine ndinamwa thobwa la mumtsuko umenewu kawiri konse," anatero motsitsa mawu. "Sunkadontha ayi."

Tisiyenji ankadziwa kuti kwawoko mtsuko umabooledwa dala mwini wake akamwalira, n'kusiyidwa pamanda pake. Pamaliro a amayi ake, mtsuko wawo anaunyamula ndi iye mwini.

Dzuwa lili paliwombo anapita kwa a Petro, mtsuko uli m'manja. Nkhalambayo inauyang'ana nthawi yaitali, kenaka inatsogola kupita kumanda. M'nkhalango ya manda munali zii, ngakhale nyenje sizinkalira. Pamtumbira wa amayi ake panali kadzenje kozungulira, kopanda udzu, ndipo dothi lake linali lonyowa ngakhale mvula inali isanagwe chichokere Epulo. A Petro anakhazikapo mtsuko uja, ndipo unakwanira ndendende.

Iwo anagwada n'kuomba m'manja pang'onopang'ono. "Alongo anga, mwana wanu wakwatiwa. Mwamuna wake ndi wa ku Kabudula, wabwera kudzakhala pamudzi pano. Tinalakwa kusakuuzani."

Tisiyenji anangoima chilili. Sanaombe m'manja, komanso pemphero linamukanika.

Atabwerako anapeza Yunisi akusinja pakhomo pa nyumba yake yatsopano.

"Kodi mayi uja wa nsalu yofwifwa unayankhula naye?"

"Eya, achemwali. Analowa m'nyumba pomwe ndinkavala, inu mutapita kukaona ngolo. Anandikonza chophimba kumutu. Manja ake anali ozizira ngati madzi a pachitsime. Koma dzina langa analiphonya. Anati, 'Wakula, Ndaziona.' Ndi wa kwa a Gideon, eti?"

Ndaziona linali dzina lomwe amayi awo anatcha khandalo. Linasiyidwa maliro atangotha, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu palibe anali atalitchulapo. Tisiyenji anati, "Mwina ndi wa komweko," natenga munsi kumuthandiza kusinja.

Anthu amene anamva nkhaniyi ankayembekezera tsoka, koma silinabwere. Yunisi ndi Gideon anabereka ana asanu ndi awiri, onse anakula. Tisiyenji anapitiriza kusoka madiresi a akwati, ndipo mumpingo sanachokemo. Pabwinja paja sanalolenso kuti pamangidwe kanthu.

Zaka zambiri ankabwerezabe m'mutu mwake zonse zimene anasankha. Za mwezi ndi za thobwa sankadandaula nazo. Za kumanda, tsiku lina ankati atsibweni ankanena zoona, tsiku lina ankati ayi. Chimene chinkamuwawa kwenikweni anauza Agnes yekha, onse awiri atakalamba, akutongola chimanga pakhonde.

"Tsiku lija ndinatanganidwa kwambiri," anatero. "Ndinadutsa pamkuyu paja nditasenza dengu, ndipo miyendo ya mayi uja inali itatambalala panjira. Sindinawayang'ane n'kumaso komwe. Ndinangoti, 'Mayi, tapindani miyendoyo, anthu tili pa ntchito.'"

"Ndiye anati chiyani?" anafunsa Agnes.

"Anangopinda miyendo, ine n'kudutsa."