Dzinja Limene Mwana wa Azakhali Anapepuka

Kabudula uja ndimamukumbukira mpaka lero: wansalu yokhuthala, wazingwe zazitali, wonunkha mikodzo ya makanda a m'malayini onse a pa esiteti yathu ku Thyolo. Tsiku la sikelo anamwino ankakoloweka sikelo panthambi ya mango, ndipo khanda lililonse linkalowetsedwa m'kabudulamo n'kumalendewera, likulira ngati likuphedwa.

Dzinja limenelo kwathu kunali azakhali. Nkhondo ya ku Mozambiki itatha, njira zitatseguka, anangotulukira ndi kamtolo pamutu, mwana wamwamuna kumbuyo. Zambiri ankayankhula ndi bambo m'Chilomwe. Mwanayo anali ndi masaya ngati mandasi ndi mapazi onenepa, koma sankaseka, ndipo tsitsi lake linali lofiirira. Ine wamiyendo ngati bango ndinkamusirira.

Mudziwe kuti ife tinakulira pa sikelo. Amayi ankathyola tiyi, ndipo dengu likakwezedwa, muvi n'kupita patali, kunyumba kunkagwa ndiwo zabwino. Kulemera kunali dalitso. Choncho amayi atawakokera azakhali ku sikelo ya ana, muvi n'kuyenda bwino, azakhali anamwetulira koyamba chibwerereni. Anamwino sanamwetulire. Anadina phazi la mwanayo ndi chala, kadzenje n'kutsala pomwepo. Anati kumeneko n'kutupa, thupi likusowa chakudya, ndipo tikachedwa mwanayo safika masika.

Azakhali anayamba kupita naye ku chipatala cha pa esiteti m'mawa uliwonse kukamwetsedwa mkaka wapadera. Atamuyezanso, muvi unatsika. Masaya aja anaphwa, nthiti zinayamba kuwerengeka. Azakhali anamanga kamtolo kawo. "Andithera mwana," ankangobwereza, "ndinabwera naye ali ndi thupi." Nanenso ndinali mbali yawo, ndinkaona kuti anamwino aja ndi mfiti yovala zoyera. Mwana salakwa, koma nzeru zanga zikanapha munthu.

Amayi anaima pakhomo, atanyowa ndi mvula ya kumunda. "Alamu, tiyi wothyola mvula ikugwa amalemera, eti? Nanga kapitao satichotsera madzi? Ankalemera aja anali madzi. Mwana wanu ndi watsalayu, tiyeni timudyetse."

Azakhali anali atagwirako ganyu m'tiyi, ukali wa kapitao pa tsamba lonyowa ankaudziwa. Anakhala pansi. Kamtolo sanamasule, komanso sanapite.

Kenako mwana uja anayamba kudya ngati dzombe. Phala la soya lothira nsinjiro linkatha mbale isanazizire, ndipo ankalilira la m'mbale yanga. Tsiku lina anandimenya ndi supuni pamphuno n'kuseka, timano tonse panja. Ndinathamanga malayini onse ndikulengeza ngati ndaona ndege yagwa.

Tsiku la sikelo litafikanso, chimanga chikukhwima, azimayi onse anaunjikana pansi pa mtengo, ngakhale amene ana awo anali atayezedwa kale. Mwana anamukweza, akuponya miyendo. Anamwino anayang'ana muvi, anadinanso phazi, phazi n'kubwerera. "Wakwera!" anakuwa. Nthungululu zinamveka mpaka ku fakitale. Amayi, amene kutchalitchi sankagwedeza ngakhale phewa, anavina mpaka duku linagwa. Sindinaonenso chisangalalo chotero, ngakhale paukwati wanga. Mwana uja lero ndi chibambo, amayendetsa minibasi ya ku Limbe, ndipo akabwera kwanga ndimabisa mbale yanga.

Koma azakhali sanavine. Anagwada m'matope, atamukumbatira mwanayo, akulira n'kumatchula mayina awiri amene sindinawamvepo. Ine ndinawakoka chitenje kuti adzuke, asatichititse manyazi pa tsiku labwino. Panapita zaka ndisanadziwe kuti kutchire kumene ankabisala nkhondo anaikako maliro a ana awo awiri, ndipo onse anapita iwo akuthokoza Mulungu kuti anenepa.