Mpira wa Pakati pa Mawondo

Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika pa Kamwendo, ndipo pamsika amandidziwa kuti ndikhoza kugulitsa nsapato ziwiri za kumanzere, wogula n'kuthokoza. Koma Lamulungu masana ndinali munthu wina, womwetsa zigoli wa timu yathu.

Tsiku lina tikusewera ku Ludzi, ndinatembenuka mofulumira kuti ndimenye mpira, m'mphechepeche munachita ngati mwalowa singano yamoto. Panalibe chotupa kapena magazi. Koma kuyetsemula kokha kunkandigwetsa misozi.

Kuchipatala, mayi wa mafizo anati minofu ya m'munsi mwa mimba yang'ambika pang'ono, ndipo ndisiye mpira kwa miyezi.

"Amayi, chotsaniko pang'ono," ndinatero. "Tigwirizane masabata."

"Bambo, pano si pamsika. Gonani chagada."

Anandiphunzitsa kupana mpira ndi mawondo, kukweza chiuno, kulimbitsa mimba ngati ndikuyembekezera chibakera. Kunyumba ndinalibe mpira, choncho ndinabwereka wakale wa timu, wosoka ndi ulusi wa matumba a fodya. Akochi anandipatsa okha.

"Ukachira ubwere nawo. Malo ako ali pomwepo."

Mpirawo unali chikole changa. Bola uli m'nyumba mwanga, ndinali wa timu.

Ndinachita mafizowo mokhulupirika kuposa mmene ndimapempherera. M'mawa uliwonse pamphasa, bambo wa ndevu, ndikubuula ndi mpira pakati pa miyendo. Mkazi wanga ankatseka chitseko chifukwa cha manyazi. Kutseka komweko n'kumene kunaipitsa zinthu. Ku Kamwendo mwamuna akamayenda chotang'aza, palibe amaganiza za minofu, koma za matenda otengera kwa akazi. Akabaza anayamba kundikuwa.

"Asitiraika! Mabombatu awo! Munakawatenga ku boda?"

Ndinkaseka nawo. Ukakwiya, ndiye kuti wavomera. Koma anzanga amene ndinawamwetsera zigoli zaka zonsezi sanatsutseko ngakhale mmodzi, ndipo panalibe amene anabwera kudzandizonda.

Nditayamba kuthamanga pang'ono osamva ululu, akochi anatulukira pakhomo. Ndinasangalala, ndinawayalira mpando. Anakana kukhala.

"Achimwene, tabwerera mpira uja."

"Ndatsala pang'ono, akochi. Taonani." Ndinadumpha pamaso pawo ngati mbuzi ya pamsika.

"Tapeza wina wa ku Mwami. Ndi wothamanga. Komanso anyamata akuti jezi yanu sangaivale, akuopa matenda."

Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Ndinati ndizilowa chigawo chachiwiri chokha. Ndinatsika, ndinati ndizikhala pabenchi. Ndinatsikanso, ndinati ndizingobwera kokonzekera. Iwo ankangoyang'ana kumsewu, ngati munthu amene wagula kale kwina. Nkhope imeneyo ndimaidziwa bwino.

Mkazi wanga ndiye analowa m'nyumba n'kuutulutsa. Akochi anaufinya ndi zala, n'kudandaula kuti ndauphwetsa.

Masiku ano ndinachira, ndikhoza kuyetsemula mmene ndingafunire. Mafizo ndimachitabe, ndi pilo. Lamulungu masana ndimayala nsapato zanga, ngakhale si tsiku la msika, chifukwa kubwalo sindipitako.