Mayi Yunike ndi kalata ya a Langton

Mayi Yunike Kaphamtengo, amene tinawaika m'manda Loweruka lapitali, sanabadwire ku Bindura, kuno ku Zimbabwe. Anabadwira ku Ntcheu mu 1954, m'banja la alimi a mbatatesi. Ali mtsikana ankayamba athirira dimba asanathamangire kusukulu, n'kulowa m'kalasi matope ali m'miyendo. Anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Anaphunzitsa Sitandade 1 kwa zaka makumi atatu. Mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira, amuna awo n'kutsatira, ndipo popuma pantchito anatsala awiriwiri ndi mayi awo okalamba.

Mu 2009 bungwe lina la maphunziro linafuna munthu wodzaphunzitsa Chichewa adzukulu a Amalawi amene anabwera kale kudzakumba migodi. Linati zaka zitatu basi. Mayi Yunike anasiya mayi awo m'manja mwa mng'ono wawo, nakwera basi ndi sutikesi, Baibulo ndi katoni ya choko.

Mumtima ankati akupita kwa abale. Anafikira m'kachipinda ka lendi ku Chipadze, kuseri kwa holo ya mowa. Akatsegula pakamwa pamsika, ogulitsa tomato ankatsinana. Mu kombi, minibasi ya kuno, kondakitala ankawaitana kuti "gogo Mubhurandaya", dzina lachipongwe lija tonse a magazi a ku Malawi tinakula nalo. Ana a m'kalasi ankamva zonse, koma kuyankha kwake m'Chishona. Ndipo tinene zoona m'kalata ya mpingo muno, poti misozi pamaliro inali yambiri: chaka chonse choyamba palibe banja la mumpingo uno linawaitanirako ngakhale tiyi. Lamulungu tikaweruka ankabwerera okha, n'kukhala pakhomo kumaimba nyimbo za kwawo chapansipansi, wowathira mang'ombe palibe.

Tsiku lina pawindo la kalasi panaima a Langton Malizani, mkulu amene anakalambira mumgodi. Anachoka ku Dedza mu 1961, atalonjeza mlongo wawo Esinati kuti adzabwera ndi njinga. Sanabwerere, ndipo kalata sanatumizeko.

"Mukomboni munali kalaliki wolembera anthu makalata," anafotokoza. "Umayankhula uli pamzere, anzako onse makutu tcheru. Ndiye ine ndikanati chiyani, aphunzitsi? Kuti mlongo wanga, njinga ija palibe? Amuna anzanga akumva?"

"Bwerani ndikulembereni ine, bambo. Tili awiri."

"Iyayi. Mawu a manyazi sayenda ndi dzanja la wina. Mundiphunzitse."

Woyang'anira ntchitoyo, a Tafara, atamva anadabwa. "Amai, ntchito iyi ndi ya ana. Sekuru amenewa pafomu alowa pati?"

"Pafomu asalowe," anatero Mayi. "Azilowera pakhomo."

Ana akaweruka, a Langton ankakhala pakabenchi maondo ali m'mwamba. Kenaka kunabwera gogo Alinesi, amene moyo wawo wonse unathera m'mafamu a fodya, n'kubweranso ena. Vuto linali manja. Makina oboolera miyala anawasiyira a Langton kunjenjemera, choko chinkangothyoka.

"Dzanja ili linang'amba thanthwe," ankadandaula, "lero ligonje kwa kachoko?"

"Thanthwe munkalimbana nalo, bambo. Choko n'chonyengerera ngati mkazi wokwiya."

"Ndiye basi ndalephera kale. Akazi awiri anandithawa ine!"

Tsiku lomwelo Mayi analonjeza pamaso pa Mulungu kuti sadzachoka kalatayo isanalembedwe.

Zaka zitatu zinatha a Langton akungotha kulemba dzina lawo ndi mawu owerengeka. Bungwe linatseka ntchito, akuluakulu anayamikirana okhaokha pamwambo, Mayi n'kupatsidwa tikiti ya basi. Iwo anaibweza. Mpingo unathandiza za zikalata zokhalira, ubwino umenewo tisaubise. Koma chakudya ankachipeza ndi mandasi amene ankagulitsa mmawa, masana n'kumaphunzitsa nkhalamba zawo.

Chaka chachinayi foni inalira: mayi awo amwalira. Ulendo ndi wautali, maliro sakanadikira. Mng'ono wawo anangoti, "Achemwali, mwatchona." Mtchona ndi munthu wopita kunja n'kuiwala kwawo, ndipo dzina limeneli linawapweteka kuposa la kondakitala lija. Anakhala siwa okhaokha m'kachipinda kaja, popanda woimba nyimbo ngakhale imodzi. A Langton atamva anavula chipewa.

"Ndine ndakuchedwetsani, aphunzitsi."

"Mulungu sawerenga masiku monga ife, bambo. Tengani choko."

Chaka chachisanu kalata inatha, mizere isanu ndi umodzi. A Langton anaimata okha osaonetsa munthu. Koma keyala analibe. Ankangodziwa dzina la mudzi ndi mtsinje umene ankasambako. Mayi anaika kalatayo m'Baibulo nakwera basi. Anayamba agwada pamanda a mayi awo, kenaka anayenda masiku atatu m'midzi ya ku Dedza akufunsa.

Gogo Esinati anawapeza ali moyo, koma maso atafa. Anatsegula envelopu n'kuyamba kusisita pepalalo. A Langton anali atakanikiza cholembera kwambiri moti zilembo zinatuluka kuseri ngati mphini.

"Walemba yekha?"

"Yekha, agogo."

"Werengani."

Zimene zinali m'menemo Mayi anapita nazo kumanda osauza munthu. Chimene tikudziwa ndi yankho, poti analinyamula pakamwa kubwerera nalo kuno: "Mukamuuze Langitoni, njinga ndikwera ndi miyendo iti? Chaka chilichonse ndimamusiyira mzere wake m'munda. Ndinkafuna mawu basi."

A Langton anawapempha kuti abwereze katatu. Patatha miyezi iwiri anamwalira.

Lonjezo linali litakwaniritsidwa, akanatha kupita kwawo. Koma paulendo uja kwawoko anapeza nyumba ili ndi eni ena, anthu akuwalonjera ngati mlendo, pamene kuno nkhalamba zina zinali pakabenchi ndi makalata awo osatha. Anakhala. Maulendo ena anayi ananyamula makalata kupita ku Malawi, mpaka miyendo inakana. Chishona chawo sichinawongoke, pamsika sanasiye kuwaseka, ndipo Khrisimasi zambiri anadya okha. Wina akawamvera chisoni ankati, "Tonsefe ndife alendo pansi pano, kungoti ine ndinazindikira msanga."

Anadwala milungu itatu. Lachiwiri masana anapempha gogo Alinesi kuti awawerengere Salimo 23. Gogo Alinesi amawerenga ndi chala, liwu limodzilimodzi, ndipo pawiri ponse Mayi anawakonza maso ali chitsinzinire. Pofika pa madzi odikha sanawakonzenso.

Abale a ku Ntcheu anati tiwaike konkuno. Dzina la pamtanda analemba ndi gogo Alinesi, ndi penti woyera, tsiku lathunthu. Zilembo zake n'zokhotakhota, zina zazikulu zina zazing'ono, mzere ukutsetsereka ngati njira ya kumgodi.

Tsopano zikumveka kuti ena akufuna kuuzula mtandawo, aikepo chikwangwani chosindikiza ku Harare, ati wapanowu ukuchititsa manyazi mpingo. Manyazi? Ochititsa manyazi ndi tiyi uja sitinawapatse. Amene akufuna kulemekeza Mayi Yunike, kabenchi kaja kadakalipo, ndipo nkhalamba zitatu makalata awo sanathe. Koma mtanda uja asaukhudze. Anaulemba yekha mwana wa sukulu wawo.